Kudzala lilac ku Zomba: chimene chingatheke ndi chimene chingangokudyerani ndalama

Zaka zingapo zapitazo ndinagula kamtengo ka m'chubu kwa mnyamata wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Ndinamuonetsa chithunzi pafoni, chitsamba chodzaza ndi ngala za maluwa a pepo, ndipo iye sanachedwe n'kuyankha komwe. "Madala, ndi womwewu, lilac weniweni." Ndinakadzala pafupi ndi khonde, ndikuthirira m'mawa ndi madzulo ngati mwana wakhanda. Pomwe zinkatha zaka zitatu, mtengo uja unali utapitirira denga, ukugwetsera tizipatso tachikasu pakhonde ponse. Unali indiya. Mnyamata uja sindimuimba mlandu kwenikweni, chifukwa m'Chingerezi indiya amamutchuladi Persian lilac kapena Cape lilac. Koma si chimene chinali pachithunzi chija.

Nazi tsono ndondomeko zimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku limenelo.

Choyamba, dziwani chimene mukugula

Lilac weniweni dzina lake la akatswiri ndi Syringa vulgaris. Kwawo ndi kumapiri a ku Balkans, kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa azitona. Ndi chitsamba chokhala ndi mitengo yambiri yochokera pansi, chimene chimatalika mamita atatu mpaka asanu kapena kuposerapo pang'ono chikakalamba.

Musanatulutse ndalama, gwirani tsamba. La lilac ndi limodzi lathunthu, losalala m'mphepete, looneka ngati mtima, ndipo masamba amamera awiriawiri moyang'anizana pa nthambi. La indiya ndi logawikanagawikana, timasamba tambirimbiri ta manomano pa phesi limodzi. Ngakhale kamtengo katakhala kakang'ono bwanji, kusiyana kumeneku kumaoneka. Duwa la lilac nalo ndi kapaipi kakang'ono kotambasuka panayi kumapeto kwake, pamene la indiya limatambasuka pasanu ndipo pakati pake pamakhala kachubu kakuda.

Palinso chitsamba china chimene ogulitsa amachitchula lilac, Buddleja davidii. Masamba ake ndi aataliatali, osongoka, otuwa kunsi. Chimenechi si choipa, tichikambanso, koma mugule mukudziwa kuti ndi chimenecho.

Chachiwiri, onani pamene nyumba yanu ili

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Lilac ndi mtengo wa kudziko la chisanu. Nyengo yozizira ikafika amayoyola masamba onse n'kugona, ndipo timphukira ta maluwa sititseguka bwino pokhapokha titazizidwa mokwanira. Alimi amawerengera kuzizira kumeneku ndi maola amene kutentha kwatsika pansi pa madigiri 7, ndipo mitundu yakale ya lilac imafuna maola mazanamazana otere chaka chilichonse. Akapanda kuwapeza mtengo saufa msanga ayi. Umangokhala, masamba ochepa, nthambi zowonda, chaka ndi chaka osaonetsa duwa.

Ife a ku Zomba timadziwa kudandaula za chisanu cha mu Juni ndi Julayi, makamaka chiperoni chikakuta phiri kwa masiku atatu. Koma chisanu chimene chimativeka majuzi awiri n'chochepa kwa lilac. Tauni ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Julayi kawirikawiri sutsika kufika pa madigiri 7 aja. Amene muli ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino, makamakanso amene muli kumunsi kolowera kunyanja ya Chilwa, ndikuuzeni mosapita m'mbali: lilac wa pachithunzi uja sadzakupatsani maluwa ngati a pachithunzi. Dumphani mupite pa gawo lachisanu.

Pamwamba paphiri nkhani ndi ina pang'ono. Kumeneko ndi mamita 1,500 kupita m'mwamba, nsonga ya Malumbe ikupitirira 2,000. N'chifukwa chake anyamata a m'njira ya ku Ku Chawe amagulitsa mastrawberry ndi zipatso zina zokonda kozizira. Amene ali ndi malo kumeneko, kapena m'midzi ya m'mwamba mozungulira phirilo, angathe kuyesa. Ndati kuyesa. Mukhale ndi mtima wa munthu wotchera msampha, osati wa munthu wokolola.

Chachitatu, sankhani mtundu

Mitundu yotchuka kwambiri ndi imene inachokera ku France. Victor Lemoine ndi banja lake, mumzinda wa Nancy, anatulutsa mitundu yoposa 200. Madame Lemoine, woyera mbee wa maluwa osanjikizana, anatuluka mu 1890. Charles Joly, wofiirira kwambiri, mu 1896. Palinso Sensation, amene yekha kwawo ndi ku Netherlands, wa pepo wokhala ndi mzere woyera m'mphepete mwa duwa lililonse. Zithunzi zambiri zimene mumaziona pa Facebook ndi za mitundu imeneyi. N'zomvetsa chisoni kuti imeneyi ndiyonso imafuna chisanu chambiri, ndiye ndi yoyamba kuisiya.

Yoyenera kuifunafuna ndi imene inapangidwira madera ofunda. Ku Descanso, kum'mwera kwa California, Walter Lammerts anatulutsa Lavender Lady m'zaka za m'ma 1950, cholinga chake chili chomwechi, kuti lilac achite maluwa kumene chisanu n'chochepa. Syringa laciniata, wa masamba ong'ambikang'ambika, nayenso amapirira kutentha kuposa anzake. Miss Kim, amene njere zake Elwyn Meader anazitola m'mapiri a ku Korea mu 1947, ndi wamfupi ndipo sagwidwa msanga ndi matenda a masamba, koma chisanu amachifunabe. Palibin, wochokera kwa Syringa meyeri wa ku China, ndi wamfupi koposa, wokwana m'chidebe chachikulu.

Za njere zogulitsidwa pa intaneti, ine ndikuti sungani ndalama zanu. Njere ya Madame Lemoine simera Madame Lemoine. Mitundu yokhala ndi mayina imachulukitsidwa ndi nthambi kapena mphukira. Njereyo payokha imafuna kuikidwa mumchenga wonyowa m'firiji kwa mwezi umodzi kapena iwiri isanamere, kenaka mudikire zaka zingapo kuti muone duwa loyamba. Kuitanitsa mbande yamoyo kunja nako kumafuna chilolezo cha boma cholowetsera zomera m'dziko, ndipo musachipeputse, chifukwa matenda a mbewu amalowa motero. Kumbukiraninso kuti mbande yochokera ku Ulaya kapena ku America nyengo zake n'zotembenuka: pamene iyo ikufuna kugona, kuno n'kutentha kwa Novembala ndi Disembala. Imatenga nthawi kuti izolowere.

Chachinayi, kudzala ndi kusamala lilac weniweni

Sankhani malo amene dzuwa limawomba maola osachepera 6 patsiku. Pansi pa mapaini kapena mabulugama ayi. Ngati mungathe, pakhale poomba dzuwa la m'mawa ndi potchingika ku dzuwa la masana a Okutobala. Pewani khoma la njerwa loyang'ana kumadzulo, chifukwa limasunga kutentha usiku wonse, ndiye mukulanda mtengo chisanu chochepa chomwe chija.

Kumbani dzenje masentimita 60 mulifupi, 60 mulitali, 60 kuya. Dothi lapamwamba muunjike mbali ina, lapansi mbali ina. Musanachite china chilichonse, thirani ndowa ziwiri za madzi m'dzenjemo madzulo, mukaone m'mawa. Mukapeza madzi akadali chiimire, malowo ndi a lowe, ndipo mizu ya lilac imaola msanga m'dothi lotere, makamaka ndi mvula ya kuno ya Januwale ndi Febuluwale. Sunthani, kapena unjikani dothi ngati mtumbira wa mbatata n'kudzala pamwamba pake.

Sakanizani dothi lapamwamba lija ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino. Tsono apa pali chinthu chimodzi chimene lilac amasiyana nacho ndi maluwa ambiri a m'mabwalo mwathu: safuna dothi lowawasa. Pa muyeso wa kuwawasa kwa dothi wotchedwa pH, umene umatsika dothi likamawawasa, amakonda pafupifupi 7, pamene dothi la m'malo a mvula yambiri, makamaka pamene panali mapaini, limakhala pansi pa pamenepo. Thiranimo laimu wa kumunda manja awiri, kapena phulusa la nkhuni manja atatu, musakanize bwino, mudikire milungu iwiri musanadzale. Phulusa likhale la nkhuni zokhazokha, osati la padzala pamene munawotcha mapepala a pulasitiki.

Dzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala. Ng'ambani chubu, musachikoke. Mbande ikhale pa msinkhu womwe inali m'chubumo, osaikwirira khosi. Tsenderani dothi ndi manja, thirani keni yathunthu, phimbirani ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi, apo ayi mwaitanira chiswe. Ngati mukudzala zingapo, zitalikirane mamita awiri.

Feteleza wa chimanga musamuyandikize. Urea ndi chitowe zimakankha masamba, ndipo mtengo umabiriwira mokongola koma maluwa osaoneka. Manyowa kamodzi pachaka ndi phulusa pang'ono n'zokwanira.

Chaka choyamba thirirani kawiri pamlungu nthawi yachilimwe, keni ya malita 10 pa mtengo. Kuyambira chaka chachiwiri chitani zimene alimi a kumadera ofunda amachita pofuna kuugoneka mtengo mokakamiza. Mvula ikasiya mu Epulo kapena Meyi, lekani kuthirira. Masamba afote, ayoyoke. Otsalira muwathothole ndi manja mu Juni. Mtengo ukhale chomwecho, mbulanda, mpaka Ogasiti, ndiyeno muyambenso kuthirira mokwanira. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi lilac amachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala. Alendo adzakufunsani chifukwa chimene mukusungira mtengo wouma pabwalo. Musaudule.

Kuthenera ndiko kumene ambiri amalakwitsa. Lilac amakonza timphukira ta maluwa a chaka chamawa patangopita milungu yochepa maluwa a chaka chino atafota. Choncho nthawi yothenera ndi imodzi yokha: maluwa akangofota. Dulani ngala zofotazo pamwamba pa masamba awiri oyamba. Mukathenera mu Juni kapena Julayi, monga tichitira ndi maluwa ena, mwadula maluwa onse a chaka chimenecho ndi manja anu omwe. Chitsamba chikakalamba n'kuyamba kuchita maluwa kunsonga kokha, dulirani pansi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitengo yakale chaka chilichonse, kwa zaka zitatu.

Chachisanu, zimene zimachitadi bwino m'tauni

Ngati chimene munakonda pachithunzi chija ndi maonekedwe a pepo ndi fungo lokoma madzulo, zimenezo zilipo, ndipo sizifuna chisanu cha ku Ulaya. Musanagule, pitani mukayende m'munda wa zomera wa boma uja wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umene Alexander Whyte anauyamba mu 1891. Yendaninso m'misewu yakale ya kumtunda kwa tauni, kumene kuli nyumba za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Chimene chakhala zaka makumi ambiri m'mabwalo amenewo popanda wochisamala kwenikweni, chimenecho chidzachitanso kwanu.

Ine choyamba kusankha ndi Brunfelsia, chitsamba chochokera ku Brazil chimene Azungu amachitcha dzulo, lero ndi mawa. Duwa lake limatseguka lili la pepo wakuda, mawa lake latuwirako, mkuja layera, moti pa chitsamba chimodzi mumaona maonekedwe atatu nthawi imodzi. Chimachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomweyo ya lilac, ndipo mitundu ina imanunkhira mpaka m'nyumba. Dzenje ndi lomwe lija la masentimita 60 ndi manyowa, koma samalani: chimenechi phulusa ndi laimu ayi. Chimakonda dothi lowawasa pang'ono, ndipo mukachithira phulusa masamba amasanduka achikasu. Chimafunanso mthunzi wa masana, ndiye kum'mawa kwa nyumba ndi malo ake. Zipatso ndi masamba ake ndi poizoni, makamaka kwa agalu. Ngati muli ndi kagalu kotafuna chilichonse, thotholani tizipatsoto tisanakhwime.

Pamene pali dzuwa la tsiku lonse dzalani Lagerstroemia indica, amene ambiri amamudziwa kuti Pride of India. Ngala zake n'zazikulu, za pepo, zapinki kapena zoyera, ndipo zimabwera nthawi yamvula, Disembala mpaka Febuluwale. Uyu ndi wosiyana ndi lilac pa kathenedwe: maluwa ake amabwera pa nthambi zatsopano, ndiye mumuthenere mu Julayi atayoyola masamba. Akakhala pamalo opanda mphepo masamba ake amayera ngati awazidwa ufa. Mankhwala ake oyamba ndi kumupatsa mpata ndi kuthirira pansi, osati pamasamba.

Buddleja davidii uja, wochokera ku China, ndiye wofanana kwambiri ndi lilac pa kaumbidwe ka ngala, ndipo agulugufe samuchoka. Amakula msanga, chaka chomwecho maluwa. Mu Ogasiti mudulireni mpaka m'mawondo, adzaphuka mwamphamvu. Koma ngala zikafota muzidule zisanabale njere. M'mayiko ena chitsamba chimenechi chinathawa m'mabwalo n'kudzaza m'mitsinje, ndipo ife tili kale ndi lantana amene watikwana m'tchire monse.

Pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde pamene dzuwa silifika, Plectranthus wotchedwa Mona Lavender, amene anapangidwa ku Kirstenbosch ku Cape Town, amakwana m'chidebe cha malita 20. Pampanda, Petrea volubilis amayanga n'kugwetsa ngala za pepo nthawi yotentha.

Nanga indiya? Ndi mtengo wabwino pa ntchito yake: mthunzi, nkhuni, milimo. Maluwa ake amanunkhiradi. Koma malo ake ndi kumalire a munda, kutali ndi nyumba ndi kumene ana amasewera, chifukwa zipatso zake ndi poizoni kwa anthu ndi nkhumba.

Chachisanu ndi chimodzi, kuchulukitsa popanda kugula

Zitsamba zonsezi zimamera ndi nthambi, ndipo mnansi amene ali nacho sangakukanizeni kanthambi mukapempha bwino. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere. Sankhani nthambi ya chaka chomwecho imene yayamba kulimba, yosakhala yanthete kwambiri komanso yosakhala nkhuni. Mukaipinda izikana pang'ono. Dulani masentimita 15, pansi penipeni pa mfundo, ndi mpeni wakuthwa. Chotsani masamba onse kusiya awiri akumwamba, ndipo ngati ndi aakulu muwadule pakati kuti asamataye madzi. Zikulungeni m'nsalu yonyowa popita kunyumba.

M'machubu thirani mchenga wa kumtsinje magawo awiri, dothi la pansi pa mitengo gawo limodzi. Boolani ndi kamtengo, lowetsani nthambi theka lake, tsenderani. Ikani pamthunzi, vindikirani ndi botolo la pulasitiki lodulidwa kunsi, chitsekero chake mutachotsa kuti mpweya uzilowa. Mchenga ukhale wonyowa, osati wamatope. Buddleja ndi Plectranthus amagwira m'milungu itatu kapena inayi, pafupifupi nthambi iliyonse. Brunfelsia ndi waulesi, mumupatse miyezi iwiri, ndipo mudzale khumi kuti mupeze zingapo. Musamazule kuti muone ngati mizu yabwera. Tsamba latsopano likatuluka n'kukhala osafota, ndiye kuti zatheka. Lagerstroemia amagwiranso ndi nthambi zokhwima zimene mwadula pothenera mu Julayi, zonenepa ngati pensulo.

Njira ina yosalephera kawirikawiri ndi yopinda nthambi. Sankhani nthambi yapansi, ipaleni khungwa pang'ono kunsi kwake, ipindireni pansi, kwirirani pamene mwapalapo, tsamiritsani mwala, nsonga ikhale panja. Mukachita zimenezi mu Disembala, pofika kumapeto kwa mvula imakhala itamera mizu. Muidule kwa mayi wake n'kuiwokera. Lilac weniweni ndi Brunfelsia amatulutsanso mphukira kuchokera kumizu, ndipo mphukira yotere mukaikumba ndi fosholo pamodzi ndi mizu yake ndi mbande yokwanira. Chenjezo limodzi lokha: ngati lilac wanu anachita kulumikizidwa pa tsinde la mtengo wina, mphukira zapansi ndi za tsindelo, osati za mtundu umene munagula. Zimenezo muzidule.

Mbuzi, chiswe ndi chitsa

Chaka choyamba tchingirani mbande iliyonse ndi timitengo kapena nsungwi, chifukwa mu Okutobala chobiriwira chilichonse ndi ndiwo ya mbuzi. Chiswe chimakonda mbande yofooka ndi ludzu. Kuthirira mokwanira ndi kusaunjika udzu patsinde kumachepetsa vutoli. Nsabwe za m'masamba zikagwira nsonga, sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira m'madzi malita asanu, mupopere madzulo, mubwereze pakatha masiku asanu.

Ndipo ngati munagwa kale m'mbuna yanga ija, indiya ali pafupi ndi khonde, musangomudula n'kusiya chitsa. Ine ndinatero, ndipo mvula itagwa panaphuka mphukira zambirimbiri, zina patsinde, zina kumizu kutali ndi chitsacho. Kumbani mozungulira, dulani mizu ikuluikulu ndi nkhwangwa, chitsa chituluke chonse, ndipo mphukira iliyonse yotsalira muizule ikadali yanthete. Dzenje limene latsalalo musalikwirire ndi zinyalala. Thiranimo manyowa, lidikire mvula ya Disembala. Panga ndinadzalapo Brunfelsia.